Lipoti: mnyamata wa zaka 24 yemwe thupi lake linasowa molybdenum, komanso za botolo la azakhali anga

Ndiyambe ndi chomwe chandilembetsa. Sabata yathayi azakhali anga anandiimbira pa WhatsApp mawu ali pansi ngati kwagwa maliro. Anapita mu tauni kukagula mankhwala awo a BP, ndiye pakhonde la shopu ina anyamata ena anawaitana kuti amayi bwerani tikuyezeni thupi lonse, kamakina kake kogwira m'manja kolumikiza ku laputopu, osatenga magazi osatenga mkodzo, mphindi ziwiri pepala latuluka ndi mizere yofiira. Akuti thupi lawo likusowa molybdenum, kamchere komwe thupi limafuna pang'ono kwambiri kuchokera mu chakudya, nchifukwa chake amatopa ndi kuphwanya mawondo. Botolo la mapilisi anagula ndithu, ndalama yomwe anasungira feteleza.

"Mwanawe, akuti ndikapanda kumwa chiwindi chiola. Iwe unaphunzira zimenezi, tandiuza."

"Azakhali, dzulo munadyera chiyani nsima?"

"Khobwe. Dzana nyemba. Nanga nyama tiitenga kuti."

Ndinawauza kuti akhazike mtima pansi, koma usiku umenewo tulo sindinatione bwino chifukwa zinandipweteka. Ine ndine dietitian, katswiri wa za zakudya, ndimagwira pa chipatala china kuno ku England mu timu yosamala anthu omwe matumbo awo analephera ntchito, omwe amadyera mu mtsempha. Ngati pali malo pa dziko pano pomwe munthu angasowedi molybdenum ndi pa wodi ngati yathu, ndipo ngakhale apo sindinamuonepo ndi maso anga. M'mabuku a zaumoyo nkhani yofotokozedwa bwinobwino ya munthu wamkulu yemwe anasowa molybdenum ndi imodzi, ndipo aliyense amabwereza yomweyo. Ndiye ndati ndiilembe yonse mwatsatanetsatane kuti anzanga a nesi, ma clinical officer ndi a zakudya kumudziko muione momwe imaonekera ikakhala yeniyeni.

Wodwalayo

Lipoti lake linatuluka mu 1981 mu American Journal of Clinical Nutrition, analemba ndi dokotala Naji Abumrad ndi anzake. Wodwala anali mwamuna wa zaka 24 wa matenda a Crohn, aja matumbo amatupa ndi kuchita zilonda mkati mpaka kutsekeka kapena kubooka. Anamudula matumbo aang'ono kangapo mpaka otsalawo anafupika kwambiri, chakudya chimangodutsa osayamwika. Zikafika apa munthu atha kudya mbale zitatu koma nkumawondabe ngati sakudya. Ndiye anamuika pa TPN, kutanthauza kuti chakudya chonse, shuga, mapuloteni, mafuta, mchere, mavitamini, zonse zimalowa pa dripu kudzera mu mtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Anakhala choncho miyezi 18.

Muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo TPN inali idakali yatsopano, Stanley Dudrick ndi anzake ku Philadelphia anali atangoonetsa cha mu 1968 kuti munthu angakhale moyo ndi kukula pa dripu yokha. Ndipo zaka zotsatira zinali za kuphunzira mowawa, chifukwa chilichonse chomwe chinaiwalika mu thumba lija thupi la wodwala limadzachiulula lokha. Zinc inaonekera ndi zilonda za pakhungu ndi kuthothoka tsitsi. Chromium inaonekera mu 1977 ku Toronto pa mayi wina yemwe shuga wake anasokonekera. Selenium 1979. Munthu wodya ndi pakamwa tinthu timeneti amatitola osadziwa, mu ndiwo, mu madzi, ngakhale mu fumbi la pa chakudya, koma wa pa dripu amangolandira zomwe munthu wina anakumbukira kuthiramo basi.

Zomwe zinayamba kumuchitikira

Kumapeto kwa miyezi imeneyi mnyamatayu anayamba kudwala modabwitsa, ndipo kudwalako kumabwera akamupatsa ma amino acid, omwe ndi mapuloteni a mu dripu aja. Mtima kuthamanga, kupuma mofulumira, mutu kuwawa koopsa, nseru, kusanza. Maso nawo anayamba zawo, kukada osaona bwino, ndipo masana akayang'ana chinthu pakatikati pamakhala banga losaoneka. Zikapitirira amafooka, kubalalika mutu osadziwa komwe ali, mpaka kukomoka kwenikweni.

Apa ndiime kaye ndinene monga munthu wa pa wodi. Atandibweretsera wodwala wotere lero, molybdenum singakhale yoyamba kapena yachisanu m'mutu mwanga, ndipo sikulakwa. Munthu wa payipi mu mtsempha waukulu mtima ukathamanga nkubalalika, choyamba ndi sepsis, tizilombo talowera pa payipi, mutenge magazi a culture muyambe ma antibiotic osadikira. Chachiwiri kusowa thiamine, yemwe ndi vitamin B1, chifukwa shuga wambiri wa mu dripu amadya thiamine mwachangu ndipo munthu amatupa, mtima kulephera, mutu kusokonekera. Kusaona usiku kwa munthu wa matumbo afupi aliyense aganiza vitamin A, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Palinso D-lactic acidosis ija odwala a matumbo afupi amayenda ngati aledzera osamwa kanthu, palinso ammonia kukwera. Zonsezi ziyenera kufufuzidwa kaye. Chomwe chimandigwira mtima pa madokotala aja nchoti anaona kuti vuto likutsatira ma amino acid, anasintha mtundu koma limabwerabe, ndiye mmalo mongoti wodwalayu thupi lake silikugwirizana nazo basi, anafunsa kuti chikukanika kugayika ndi chiyani kwenikweni.

Zomwe labu inapeza

Mu magazi methionine anali wokwera kwambiri, uric acid wotsika kwambiri. Mu mkodzo sulfite ndi thiosulfate zokwera, xanthine ndi hypoxanthine zokwera, koma sulfate wotsika ndipo uric acid wotsikanso.

Kuti izi zimveke ganizirani chigayo. Injini ikayima mumaona zinthu ziwiri, matumba a chimanga kuunjikana pakhomo ndi ufa kusatuluka kuseri. Mu thupi la mnyamatayu zigayo zomwe zinayima zinali ziwiri nthawi imodzi. Zigayo zimenezi mu thupi timazitcha ma enzyme, ndipo choyamba ndi sulfite oxidase. Mapuloteni ena, methionine ndi cysteine, ali ndi sulfur mkati, thupi likawaphwanya pamatuluka sulfite yemwe ndi poizoni makamaka ku ubongo, ndiye sulfite oxidase imamusandutsa sulfate wosavulaza yemwe timangokodza. Kwa iyeyu sulfite anaunjikana, sulfate osatuluka. Chachiwiri ndi xanthine oxidase, yomwe imatenga hypoxanthine kumusandutsa xanthine kenako uric acid. Kwa iyeyu xanthine anaunjikana, uric acid osatuluka. Ntchito ziwirizi nzosiyana kutalitali, imodzi ya sulfur ina yopanga uric acid, ndiye funso nloti zingayime bwanji limodzi? Yankho nloti zimayendera lamba mmodzi. Zonse ziwiri sizigwira popanda molybdenum pakati pake. Ma enzyme otere mwa munthu alipo anayi, enawo ndi aldehyde oxidase ndi mARC omwe amathandiza kuphwanya mankhwala ena mu chiwindi, koma yomwe imapha munthu ikayima ndi sulfite oxidase.

Ndiye mukuona chifukwa chake amadwala akalandira ma amino acid. Dripu iliyonse imathira chimanga china pa chigayo chakufa. Kuwonjezera apo madzi a ma amino acid a nthawi imeneyo ambiri amathiramo bisulfite kuti asawonongeke, ndiye sulfite amalowa mbali ziwiri.

Chithandizo

Anamuthirira ammonium molybdate mu dripu, ma microgram 300 pa tsiku, zomwe molybdenum weniweni mkatimo ndi pafupifupi ma microgram 160. Microgram ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a gramu, ndiye tikunena kanthu koti simungakaone pa nsonga ya supuni. Mnyamatayo anachira ku zizindikiro zija, anayamba kulandira ma amino acid osadwala, sulfur anayamba kutuluka bwino mu mkodzo, uric acid anabwerera mmalo mwake. Umboni wake ndi umenewu, unachotsa chinthu chigayo chinayima, wabwezera chayambanso.

Chomwe ine ndinatengapo pa ntchito yanga ndi uric acid uja. Tonse tinaphunzitsidwa kuopa uric acid wokwera, gout, chala chachikulu chakuphazi kutupa, abambo okonda nyama yootcha ndi mowa. Koma pepala la ma result likabwera ndi uric acid wotsika maso amangodutsapo, ena mpaka amati ndiye bwino. Chikhalirecho ndi kuyeza kotchipa komwe ma labu ambiri amatha, ndipo pa nkhani iyi ndi komwe kunaloza njira. Kuyeza molybdenum weniweniyo mu magazi sikuthandiza kwenikweni, ndi wochepetsetsa, singano ya chitsulo yokha itha kusokoneza, ndiye timayang'ana ntchito yake osati iyeyo. Inde uric acid wotsika ali ndi zifukwa zina zofala kuposa izi, munthu akumwa allopurinol, mankhwala a gout, yemwe ntchito yake ndi kutseka xanthine oxidase yomweyo mwadala, kapena impso zikutaya ngati mu Fanconi syndrome, kapena SIADH ija thupi limasunga madzi mopitirira, kapena chiwindi chadwala kwambiri. Kusiyanitsa kwake ndi mkodzo, impso zikamataya uric acid amachuluka mu mkodzo, koma akakhala wochepa mu magazi ndi mu mkodzo momwe ndiye kuti sakupangidwa nkomwe.

Masiku ano pa wodi yathu thumba la TPN limabwera kuchokera ku pharmacy madzulo, loyera ngati mkaka chifukwa cha mafuta, lozizira, litakutidwa kuti kuwala kusawononge mavitamini. Ndisanalole a nesi kulipachika ndimalitembenuza nkuwerenga ka lebulo ka zilembo zing'onozing'ono kaja mzere ndi mzere, ndi chala, mpaka ndipeze pomwe alemba ma trace element, timichere tija thupi limafuna pang'onopang'ono. Kabotolo komwe timagwiritsa ntchito, Addaven, ndi ka 10 ml kokha koma muli iron, zinc, copper, manganese, selenium, chromium, iodine, fluoride ndi molybdenum. Nesi wina wachitsikana anandifunsa tsiku lina kuti chifukwa chiyani ndimataya nthawi pa mzere womwe sumasintha, ndinamukhazika pansi nkumufotokozera za mnyamata wa 1981 uja, kuyambira pamenepo ndimamuona naye akutembenuza thumba. Nthawi yomwe ndimachita mantha ndi pomwe kabotoloka kasowa pa msika kapena wodwala wakhala milungu pa matumba ogula okonzeratu omwe alibe mavitamini ndi ma trace element mkati, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti thumba loyera ndiye kuti muli zonse. Mulibe, zimenezo zimachita kuthiridwa.

Mtundu wina, wa makanda

Pali vuto lina lomwe dzina limafanana koma ndi nkhani ina, ndipo ili ndi lomwe a ku nursery mungakumane nalo. Molybdenum sagwira ntchito ali yekha, thupi limamupangira kampando kotchedwa cofactor kuti akhalepo mkati mwa enzyme. Ana ena amabadwa thupi lawo losatha kupanga kampandoka, ndiye olo mayi adye nyemba thumba lonse, olo mwana mumupatse molybdenum wochuluka bwanji, palibe chimasintha. Matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1978 ku Netherlands, amatchedwa molybdenum cofactor deficiency, ndipo akuyerekezedwa kuti amagwira mwana mmodzi pa 100,000 mpaka 200,000 obadwa. Alipo a mtundu A, B ndi C kutengera gene yomwe yavuta, malangizo aja a thupi omwe mwana amatengera kwa makolo, MOCS1, MOCS2 kapena GPHN, wofala ndi A.

Mwana amabadwa bwinobwino, kulira bwino, kenako pa maola kapena masiku ochepa akukana bere, kulira kwa mfuu, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, linjirinjiri losamva phenobarbitone, mankhwala omwe timaletsera linjirinjiri. Sulfite akuwotcha ubongo. Pa scan ubongo umaoneka ngati wa mwana yemwe anabanika pobadwa, ndipo apa mpomwe ambiri amasokera chifukwa fayilo imalembedwa birth asphyxia nkutsekedwa. Opulumuka mutu sumakula, thupi limauma, ena galasi la m'diso limasuntha, ndipo ambiri samafika patali. Ndisakunamizeni, kwathu khanda la linjirinjiri pafupifupi nthawi zonse ndi kubanika pobadwa, shuga kutsika, kapena sepsis ndi meningitis, yambani ndi zimenezo nthawi zonse. Koma ngati azamba akuti kubereka kunayenda bwino mwana analira pompo, shuga ali bwino, ma antibiotic sakusintha kanthu, ndiye mayi akukuuzani kuti wina wam'mbuyo anapitanso chimodzimodzi sabata yoyamba, funsani mwaulemu ngati iwo ndi bambo ali pachibale, poti ukwati wa pachisuweni m'madera ena kwathu ulipo, ndipo tumizani uric acid patapita masiku angapo chibadwire, chifukwa tsiku loyamba mwana amakhala akadali ndi wa mayi ake. Komwe kuli timapepala toyezera sulfite mkodzo uyenera kukhala wongokodza kumene, ukakhalitsa sulfite amasintha nkuonetsa ngati mulibe. Ngakhale mankhwala palibe pafupi, kudziwa kokhako kuli ndi phindu, makolo onse awiri amakhala onyamula gene osadwala, mimba iliyonse mpata ndi umodzi pa inayi, ndipo mayi uja amasiya kunenedwa kuti ndi iyeyo kapena kuti kwawo kuli ufiti. Ndaonapo mabanja akutha chifukwa cha imfa za makanda zopanda dzina, zimawawa.

Mankhwala a mtundu A alipo tsopano. Mu 2008 ku Melbourne ku Australia kunabadwa mwana wamkazi yemwe manyuzipepala anamutcha Baby Z, madokotala ake analumikizana ndi Günter Schwarz wa ku Cologne ku Germany yemwe anali ndi cPMP, chinthu chomwe thupi la ana a mtundu A limalephera kupanga, koma anali atangochiyesa pa mbewa zokha. Mwanayo anayamba kulandira ali ndi masiku 36, sulfite anatsika mu masiku ochepa, linjirinjiri linachepa kwambiri, ngakhale ubongo womwe unali utawonongeka kale sunabwerere. Mu February 2021 bungwe la FDA ku America linavomereza mankhwalawa pa dzina la fosdenopterin kapena Nulibry. Ndi a mu mtsempha tsiku ndi tsiku moyo wonse, okwera mtengo zedi, ndipo amathandiza kwenikweni akayambika m'masiku oyambirira.

Tibwerere kwa azakhali

Munthu wamkulu amafunika ma microgram 45 pa tsiku, woyembekezera kapena woyamwitsa 50, malinga ndi muyezo wa ku America wa 2001. Pa ndandanda wa NIH, bungwe la zaumoyo la boma la America, theka la kapu ya khobwe wophika lili ndi ma microgram 288. Chiwindi cha ng'ombe cholemera magalamu 85 chili ndi 104. Nthochi imodzi 15, mtedza wodzadza dzanja 11. Manambalawa amasintha kutengera dothi lomwe mbewu yamera, koma olo mutadula pakati, khobwe wa azakhali wa tsiku limodzi wadutsa kale muyezo. Mbewu za mtundu wa nyemba, nandolo, soya, nzama, zimakhala ndi wambiri chifukwa tizilombo tomwe timakhala mu timatuza ta pa mizu yake timagwiritsa ntchito molybdenum pokoka nitrogen mu mpweya. Matumbo a munthu amamuyamwa mosavuta, ndipo akachepa mu chakudya impso zimasunga, akachuluka zimataya. Ndiye munthu wodya nsima ya nyemba sali pa mzere wosowa, mwina amadya wambiri kuposa anthu ambiri omwe ndimawaona kuno.

Wina anena za kansa ya kummero, poti kwathu ndi yochuluka kwambiri ndipo nkhani ya dothi inamvekapo. Zoona, mu 1966 ofufuza ku Transkei ku South Africa anaona kuti minda ya m'madera a kansayi mbewu zake zimaonetsa kusowa molybdenum, ndipo ku Linxian ku China anaona zofanana. Koma ku Linxian komweko anayesa, kuyambira 1986 mpaka 1991, anthu pafupifupi 30,000, gulu lina limalandira molybdenum pamodzi ndi vitamin C tsiku lililonse, ndipo kansa sinatsike pa gulu limenelo. Dothi losowa molybdenum ndi vuto lenileni la mlimi, makamaka dothi la asidi komwe nyemba ndi soya zimachita chikasu ndipo laimu amathandiza, koma kuchoka pamenepo kufika pogulitsa mapilisi kwa gogo pakhonde la shopu palibe umboni.

Ndipo kumwa wambiri sikuti nkwaulere. Malire apamwamba, malinga ndi muyezo wa ku America uja, ndi 2 mg pa tsiku kwa wamkulu. Ku Armenia m'dera lina la dothi la molybdenum wochuluka, komwe anthu amadya 10 mpaka 15 mg pa tsiku, kunapezeka uric acid wokwera ndi kuphwanya mfundo ngati gout. Ng'ombe ndiye zimavutika kwambiri, ku Somerset kuno ku England kuli madambo omwe ng'ombe zikadya zimatsegula m'mimba ndi kusuluka ubweya chifukwa molybdenum amamanga copper. Kwa munthu wa impso zofooka, ngati ambiri a BP ndi shuga, kutaya kuja kumavuta, ndiye sindingalole azakhali anga kumwa chinthu chomwe sakuchisowa pomwe impso zawo sizinayezedwe chaka chino.

Ndinawapempha kuti andijambulire botolo lija mbali zonse, nkuwauza kuti alisiye pa windo asatsegule. Kutopa kwawo ndi nkhani yoona ndipo ikufunika kufufuzidwa, ndiye tinagwirizana kuti Lachiwiri apite ku chipatala akayezetse Hb yoonera kuchepa kwa magazi, shuga ndi creatinine yoonera impso, atengenso mapaketi a mankhwala awo a BP kuti a dokotala akaone ngati ena mwa iwo sakuwafooketsa. Msuweni wanga awaperekeza, ndamutumizira ya minibasi ndi ya labu, ndipo ndamuuza kuti pepala la ma result akalijambule lonse, mizere yotsika yomwe.